Mbatata Imene Anadya Apongozi

Khalani pansi, inu ana. Iwe Yohane, foniyo ika m'thumba. Sindibwereza.

Mwakhala mukufunsa chifukwa chake agogo anu aakazi amaseka ine ndikatsokomola. Mumanong'onezana kuti nkhalamba zayamba kuzungulira mutu. Mitu yathu ili bwino. Pali nkhani. Ndikanaisunga, koma Yohane akufuna kukwatira, ndipo ndaona kuti pakamwa anatengera ine. Mtsikana wa ku Chamama uja atabwera kuno, anakhala naye pakhonde masana onse. Mawu amene ananena ndi akuti, "Kwatentha." Ndinamva ndili kukhola. Ndinachita ngati ndadzimva ndekha.

Ine kwathu ndi ku Chamama komweko. Kuno ku Lisasadzi ndinabwera ndi ukwati. Kufunsira sindinafunsire ndekha, achimwene anga aakulu ndiwo ankalankhula, ine nditaima kumbuyo nditagwira njinga yawo. Zitatheka ndinabwera wapansi, masiku awiri, mkeka paphewa, khasu ndi nkhwangwa m'manja, chinangwa chouma m'thumba. Inu ulendo womwewo mumakwera njinga yamoto n'kumadandaula fumbi.

Ukamwini weniweni simuudziwa. Lero mkamwini amalowa m'nyumba ya apongozi, kukhala pasofa, kupempha rimoti. Nthawi yathu ukaona apongozi akubwera panjira unkapatukira kutchire, ngakhale kuli chitedze. Ukafuna kuwauza kanthu unkagwada patali, kuyang'ana kumbali, kulankhula ndi mtengo. Iwo ankayankha mtengo womwewo. Mbale imodzi ayi. Mkeka umodzi ayi. Kuwakhudza ndiye usanene n'komwe.

Mwambo umenewo ine sunkandivuta. Kusalankhula ndinabadwa nako. Vuto linali lakuti ndinkachita zomwezo kwa mkazi wanga.

Ntchito ndinkagwira pa esiteti ya fodya, paja pali bulugamu ndi zipupa zakugwa. Ndinali wosonkha moto m'mabalani. Balani si chigafa chathu ichi choumitsa fodya ndi mphepo. Inali nyumba yaitali ya njerwa, yopanda mazenera, mapaipi a moto atadutsa pansi. Moto ukachepa fodya waonongeka, ukachuluka balani yapsa. Ndiye suchokapo. Iwe ndi nkhuni, sabata yathunthu. Ntchito yabwino kwa munthu wosakonda macheza.

Chakudya ankabweretsa agogo anu, Nabanda, masana, kudzera kanjira ka kudambo, mbale pamutu. Akafika ndinkati, "Ikani apo." Ndikadya ndinkati, "Tengani." Zaka ziwiri, mawu omwewo.

Bwana wa esitetiyo anali mzungu wokalamba wa ku Mangalande. Tinkamutcha Chipewa chifukwa mutu wake sitinauonepo. Anali ndi makina a kanema. Mafilimu ankabwera pa lole Loweruka, m'zitini zophwatalala ngati zivundikiro za dilamu, Lolemba n'kubwerera. Lamulungu masana, anthu akaweruka kutchalitchi, shedi yosankhiramo fodya inkasanduka holo. Mazenera tinkatseka ndi ziguduli. Kutsogolo ankapachika shiti ya pabedi pa bwana. Injini ya magetsi inkalira kuseri kwa khoma. Amuna uku, akazi uku. Panja dzuwa lili pamutu, m'kati mdima wa bii.

Zithunzi zake zinali zakuda ndi zoyera basi. Chizungu chake chothamanga. Ine wa Sitandade faifi ndinkatolamo mawu awiri kapena atatu. Woyendetsa makina anali kalaliki wa paofesi, ndipo ndiye ankatimasulira. Anthu ankafuula mumdima, "Akuti chiyani, akalaliki?" Iye ankati, "Akuti wamubera nkhuku." Filimu iliyonse inali ya nkhuku kapena malire a munda. Tinkadziwa kuti akunama, koma tinkadzazabe. Tinkapita kukaona mvula ya kwawo, sitima zawo, ndi nyumba zosanjikizana zopanda nkhokwe ngakhale imodzi. Amayi ena ankawamvera chisoni azunguwo. Ankati adya chiyani chaka chino.

Chaka chachiwiri chikutha, achimwene aja, amene analinso nkhoswe yanga, anandipeza kubalani.

"Mphwanga, zako zaipa. Apongozi ako aitanitsa amalume a mkazi wako. Lachitatu akhala pansi."

"Ndalakwanji?"

"Sunalakwe. Akuti sumenya, sumwa, munda ukulima. Koma akuti mwana wawo anakwatiwa ndi chitsa. Akuti akuonda ndi chete. Akufuna akupatse khasu lako ubwerere ku Chamama."

"Nabanda akuti chiyani?"

"Akuti sakudziwa ngati umamufuna, poti sunamuuzepo. Lankhula, mphwanga. Ngakhale mawu atatu. Ngakhale mbuzi imalira ikaona inzake."

Masiku atatu ndinayeseza mawu pamaso pa moto. Pamoto ankatuluka bwinobwino. Ndikangoona Nabanda akubwera ndi mbale, onse ankabwerera m'mimba. "Ikani apo." Ndiye ndinaganiza za shedi ija. Mumdima nkhope yako sioneka. Injini ikamalira, oyandikana nawe samva. Ndinati ponenera ndi pamenepo.

Lamulungu ndinapempha mnzanga andigwirire moto. Ndinakwirira mbatata yaikulu m'phulusa. Itapsa ndinaipukuta, n'kuikulunga m'tsamba la nthochi. Ndinalowa chitseko chikutsekedwa, kanema akuyamba kumene. Maso anga anali odzaza moto ndi dzuwa. Sindinkaona kanthu koma shiti ija.

Chiyambi chake ndimachikumbuka bwino. Belu la tchalitchi. Kenako nkhalamba ya jekete lalitali ikuimba likhweru kawiri, galu wotsimphina n'kutuluka pansi pa benchi. Nkhalambayo inali mlonda wa geti pamene msewu umadutsa njanji. Mayi wina ankaibweretsera tiyi m'kachitini, iyo n'kulandira osanena kanthu.

Nabanda ankakhala malo amodzi nthawi zonse, pa mzati wachitatu kuchokera kukhomo, kumapeto kwa mzere wa akazi. Ndinayenda chowerama m'mbali mwa khoma, ndikuwerenga mizati ndi dzanja. Wachitatu. Munthu alipo. Kuwala kochepa kwa pashiti kunandionetsa nsalu ya maluwa aakulu, yomwe ija. Chaka chimenecho esiteti inagawira mabanja nsalu za mpukutu umodzi, ndipo mudzi wonse unkavala mofanana, koma zimenezo sizinandibwerere m'mutu. Fungo la mafuta a nsatsi m'tsitsi, lomwe lija. Ndinakhala pansi, phewa kuphewa. Ndinapereka mbatata. Inalandiridwa. Ndinasendeza pakamwa pafupi ndi khutu n'kunena zonse, osapuma, ngati mwana wonena vesi ya pamtima.

Ndinangomva munthu akusenda mbatata.

Filimu inkabwera m'magudumu awiri. Loyamba likatha, kalaliki ankatsegula chitseko kuti aone polowetsa lachiwiri. Anatsegula. Dzuwa linalowa n'kugwera pa ife awiri ngati lachita kutumidwa.

Anali apongozi.

Anali asanaonepo kanema chibadwire. Tsiku limenelo mwana wawo anawakakamiza kubwera, n'kuwapatsa malo ake otsamira mzati chifukwa cha msana, iye n'kupita kutsogolo ndi anzake. Apongozi sanandiyang'ane. Anayang'ana kutsogolo, mbatata ili m'kamwa, n'kukoka nsalu pang'onopang'ono mpaka kufunda mutu wonse. Shedi yonse inaona. Kenako mayi wina anaphulika, ndipo denga linatsala pang'ono kuchoka ndi phwete. Ine ndinadumpha miyendo ya anthu, ulendo wa kubalani. Nabanda anatulutsa amayi ake. Gudumu lachiwiri tonse atatu sitinalione.

Sekani, koma unali mlandu. Tambala wanga wofiira anapita kukapepesa, achimwene ndiwo ananyamula. Ine ndinali nditamanga kale kamtolo kanga. Lachitatu linafika, amalume osaoneka. Dzuwa litapendeka achimwene anabwera ndi yankho.

"Akuti mkamwini akhale. Akutinso mbatata inapsa bwino."

Basi. Nkhani yondibweza inathera pomwepo. Apongozi anakhala zaka zina zambiri, ndipo sitinayang'anizanepo maso. Ndikawaona panjira ndinkalowa kutchire patali kuposa kale. Koma chaka chilichonse mbatata zawo zikakhwima, dengu loyamba linkafika pakhomo panga, lopanda uthenga.

Wovuta anali Nabanda.

"A Phiri, munawauza chiyani amayi?"

"Kafunseni iwo."

"Mawuwo si awo. Ndikufunsa mwini."

"Ndidzakuuzani."

"Liti?"

"Tikadzaona mathero a filimu ija."

Ndinadziona wochenjera. Zitini zinali zitabwerera ndi lole. Dzina la filimuyo panalibe wolidziwa, ngakhale kalaliki, amene ankati inali ya nkhuku. Patapita nthawi Chipewa anabwerera kwawo ndi makina ake. Esiteti inasintha eni, kenako inagwa. Ndinati lonjezo langa lagona pabwino.

Koma agogo anu saiwala. Atabadwa mwana wathu woyamba, amayi ako iwe Tadala, anafunsa ali chigonere. Titayamba fodya wathuwathu, kusoka masamba awiriwiri m'chigafa mpaka zala kuda ndi phula, ankafunsa osakweza mutu. Chaka china ndinapita ku okushoni nditakhala pamwamba pa mabelo, lole ikufa panjira kawiri, ndipo pobwera ndinawagulira nsapato ndi poto. Anati, "Zikomo. Nanga mawu aja?" Chaka cha njala, tikudya phala la gaga kamodzi patsiku, anafunsanso, akuti mwina angakhute nawo. Tsiku loika maliro a apongozi, agogo anu sanafunse. Anangondiyang'ana pobwera kumanda. Limenelo ndilo linandipweteka.

Atabwera mavidiyo pamsika, tinyumba ta ziguduli tija anyamata amaoneramo anthu omenyana ndi mapazi, agogo anu anakwera pa kaliyala ya njinga yanga kuti tikafunse. Mwini vidiyo anatiyang'ana nati, "Galu wotsimphina, madala? M'mafilimu anga otsimphina ndi ambiri, koma onse ndi anthu." Ndinapalasa njinga pobwerera mtima uli m'malo. Agogo anu kumbuyo anati, "Mukupalasa ngati munthu wopambana mlandu."

Makuponi a feteleza atayamba tinali takalamba kale. Tinkapita limodzi kukamva maina akuitanidwa pabwalo la sukulu, kapepala kaja n'kukasunga m'Baibulo kuopa chiswe. Ana anakula, anabala inu. Ndinaganiza kuti nkhani ija yakalamba nafe.

Kenako maso awo anayamba kuchita chifunga. Kuchipatala anayesetsa. Anati si ng'ala yoti n'kuchotsa, vuto lili m'kati, ndipo adzazima pang'onopang'ono. Anasiya kusankha fodya. Anasiya kulowetsa ulusi pasingano. Tsiku lina ndinawamva kuseri kwa nyumba akuuza Tadala kuti, "Mathero aja ndiye sindidzawaonanso. Agogo ako apambana."

Iwe Tadala, usabise nkhope, gawo lako lafika. Uyu mukumuona ngati mphunzitsi waulemu wa pa boma, koma ndiye anandigwetsa. Patatha sabata anabwera ndi tabuleti, chifoni chachikulu ngati sileti yomwe tinkalembapo kusukulu.

"Agogo, pa intaneti pali malo osungira mafilimu akale a ku Mangalande okhaokha. Munthu amalipira pamwezi, n'kumaonera iliyonse imene wafuna. Ndalipira mwezi umodzi, bandulo ndaikamo. Mwezi ukatha ndidzatenga, ndimagwirira ntchito."

Ndinati, "Dzina sitilidziwa."

"Muyambira kumutu mpaka kumchira. Si inu mumasankha fodya tsamba ndi tsamba?"

"Nazale ikundidikira."

Agogo anu anati, "Nazale amathirira m'mawa. Masana muli ndi ntchito yanji, kupatula kuzazira nkhuku?"

Netiweki ya kuno mukuidziwa, imagwira pa chulu paja pokha. Chigafa chili pomwepo, ndipo unali mwezi wa Novembala, mulibe fodya. Ndinatchinga ngodya imodzi ndi ziguduli ndi mikeka kuti mukhale mdima, poti pakuwala agogo anu sankaona chithunzi. Tabuleti ndinkaitsamiza pa jeke yodindira mabelo. M'mawa inkadya moto wa sola, masana ife tinkalowa. Tadala anandiphunzitsa podina pawiri, potsegula ndi pobwerera. Chala changa chokakala galasi linkachikana, mpaka ndinaphunzira kudina ndi chaching'onochi.

Kale filimu imodzi inkadikira lole sabata yonse. Umu zinali zosawerengeka, zitandandalikana ngati mabelo ku okushoni, iliyonse ndi kachithunzi kake. Ndinkazisankha ngati fodya, kuyang'ana kumutu n'kuponya pamulu. Ikayamba ndi nyanja, ayi. Ikayamba ndi asilikali, ayi. Agogo anu nkhope pafupi ndi galasi, mphuno kutsala pang'ono kugunda. Zina ankakana kuti ndidumphe. "Tadikirani, ndione ngati amukwatire." Masana onse ankathera pomwepo. Netiweki ikatsamwa, kamkombero kankazungulira pakati pa nkhope ya mzungu, ife n'kumadikira. Agogo anu ankati kalaliki akusintha gudumu.

Ndinaphunzirapo kanthu za azungu akalewo. Mvula kwawo sikata. Tiyi saphonya, ngakhale nyumba ikupsa. Apongozi amawagwira dzanja, ena mpaka kuwapsompsona patsaya, tambala osalipira. Koma amuna awo ndi abale anga. Munthu waima pa siteshoni, mkazi akukwera sitima, iye akungopotokola chipewa m'manja. Chizungu sitinkamva, koma zinkaoneka kuti akunena za nyengo. Agogo anu ankati, "Uyo ndi Phiri. Taonani, m'bale wanu winanso uyo."

Sabata yachiwiri, Lachiwiri, ndinadina ina. Belu la tchalitchi. Likhweru, kawiri.

Galu asanatuluke pansi pa benchi ndinatsokomola mwamphamvu, chala n'kudina pobwerera.

"Si iyi," ndinatero. "Iyi ndi ya sitima zapamadzi."

Agogo anu anangoti, "Mumwe madzi, chifuwacho."

Inde, ndinanama. Munthu wa imvi, mkulu wa mpingo, kunamiza mkazi wosaona bwino. Mudzati chovuta n'chiyani, si mawu chabe? Mawu ukawasunga zaka makumi asanu amalemera. Ndinkaopa kuti akawamva adzati, "Zomwezi?" Ndinati bola azingoganiza kuti ndinanena zazikulu.

Sabata yotsatira anatiitana ku feteleza wotsika mtengo. Zamakuponi apepala zinali zitatha, tsopano ndi chitupa ndi makina. Tinaima pamzere masiku atatu, akuti netiweki yagwa. Anthu ankatukwana, ena kugona pansi pa mitengo ndi matumba opanda kanthu. Wokondwa pamzere wonsewo ndinali ine ndekha, poti tsiku lililonse kumeneko linkachoka pa mwezi wa Tadala.

Nditabwerera ndinapitiriza kusaka filimu imene ndinkadziwa pomwe ili. Agogo anu ankalowa m'chigafa masana alionse n'kukhala pamalo pawo, osadandaula. Koma ndinaona kuti tsopano akuyang'ana pambali pa tabuleti, osati pagalasi. Ankatsata mawu okha. Chifunga chinali chitakula m'mwezi womwewo. Ndinaona, ndipo ndinakhalabe chete.

Lamulungu lomaliza Tadala anabwera kudzatenga katundu wake. Mawa lake mwezi unali kutha.

"Mwaipeza, agogo?"

Ndinati, "Mulibe. Azungu anaitaya."

Agogo anu anali pamkeka, akuswa mtedza wa mbewu. Ntchito imeneyo sifuna maso. Anati, "Tadala, makinawo amakumbuka zimene munthu watsegula?"

"Amakumbuka, agogo."

"Tabwerera ku Lachiwiri la sabata yachiwiri. Pali ina imene inawapatsa chifuwa agogo ako."

Tadala anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana nkhuku.

"Munadziwa?" ndinafunsa.

"Maso ndiwo akufa, a Phiri. Makutu ali moyo. Likhweru lija ndakhala nalo zaka zonsezi."

"Bwanji simunanene?"

"Ndimati mwina mubwererako nokha."

Ndinapita kukhitchini. Makala analipo. Ndinakwirira mbatata ya kudimba, n'kuima pomwepo mpaka itapsa. Palibe amene anandifulumiza.

Tinalowa m'chigafa. Tadala anaika filimu, agogo ake n'kumuuza kuti, "Pita ukaone ngati mbuzi zili kudambo. Usafulumire." Belu linalira. Likhweru. Galu anatuluka, akutsimphina mwendo womwe uja, osakalamba ngakhale pang'ono. Ndinakhala pansi, phewa kuphewa. Ndisanatsegule pakamwa ndinakweza chiguduli pang'ono kuti kuwala kugwere pankhope.

"Mukutani?"

"Ndikutsimikiza."

"Ndine ndemwe. Amayi ali kumanda, sabwera."

Ndinapereka mbatata. Analandira. Ndinadikira kuti mayi wa tiyi afike. Anafika. Ndinadikira kuti sitima idutse. Inadutsa, ina n'kudutsanso. Ndinadikira zambiri. Pamapeto agogo anu anati, "Gudumu loyamba latha kalekale, a Phiri."

Ndiye ndinanena. Mvetserani, izi ndiye sindibwereza.

"Nabanda, ine pakamwa panga mpolemera, mukudziwa. Koma ndikakhala kubalani maso anga amakhala pa kanjira ka kudambo. Si chakudya chimene ndimadikira. Musandibweze ku Chamama. Kumeneko ndikakhala mlendo, poti inu kulibe."

M'filimu mvula ikugwa.

Anati, "Mwadumpha."

"Ndadumpha chiyani?"

"Za mpango. Munati mpango wanga wofiira mumauzindikira ndikadali tsidya la dambo, ndipo mukauona mumaiwala nkhuni. Munati balani ina inatsala pang'ono kuzizira chifukwa cha ine."

Ndinachita ngati ndaponda pa khala. "Anakuuzani ndani?"

"Amayi. Tsiku lomwe tinadya tambala wanu. Ananena zonse, mpaka pamene munameza malovu. Ankabwereza chaka ndi chaka tikamakumba mbatata, akuseka mpaka misozi."

"Nanga zaka zonsezi mumandivutitsiranji?"

"Amayi anandipatsa uthenga. Ine ndimafuna mwini wake." Ananyema mbatata, theka n'kundipatsa. "Yambiraninso. Musadumphe mpango."

Ndinayambiranso. Anandikonza pena, ndinayambiranso kachitatu. Titakweza mitu, pagalasi panali zilembo zoyera ndi nyimbo. Filimu inali itatha. Ngati mlonda uja anadzamulankhula mayi wa tiyi, ine sindidziwa mpaka lero.

Tadala anabwera kuchokera kudambo nati, "Ndibweze kumbuyo? Kapena ndilipire mwezi wina?"

Agogo anu anati, "Tenga sileti yako, mwanawe. Zimene ndimadikira ndazimva."

Maso awo tsopano mukuwadziwa, amangosiyanitsa kuwala ndi mdima. Ndikamachokera kumunda ndimayamba kulankhula ndikadali pa chulu, kuti adziwe kuti ndine. Sindinena zambiri. Za mitambo, za fodya, za mbuzi yothyola khola. Nthawi zina za mpango. Ndikatsokomola amati, "Mwapeza filimu ina?" Ndicho chimene amasekera.

Chimodzi chokha chimandiwawa. Lachiwiri lija anali akuonabe pang'ono. Ndikananena tsiku limenelo, akanaona nkhope yanga. Pofika Lamulungu lomaliza anangomva mawu. Masabata amenewo ndinawabera ndine, ndipo pobwezera palibe.

Iwe Yohane, Loweruka ukupita ku Chamama. Zoti kwatentha mtsikanayo akudziwa kale. Kamuuze zinazo. Usadikire mdima, ndipo uyambe wayang'ana nkhope.

Ndatha. Wina akasunthe mkeka wa agogo anu, dzuwa lawapeza. Iyayi, khalani. Ndipita ndekha.